Holo Imodzi, Maukwati Awiri

Bambo Subbarao anafika pa holo ya ku Kukatpally ali thukuta kamukamu, akazi awo, mayi Annapurna, akuwatsatira ndi katoni ya makadi oitanira anthu. Kunatsala masabata atatu kuti mwana wawo Sravani akwatiwe, koma m'mawa umenewo anaimbiridwa foni kuti holoyo yaperekedwanso kwa banja lina, tsiku lomwelo, ola lamwayi lomwelo limene wansembe anawasankhira.

Tsoka lake, pulogalamu yolembetsera holoyo anaipanga ndi a Subbarao omwewo. Bambowa sankalola kuti mawu apotoke. Mnzawo kuntchito akati kompyuta yasunga zinthu, ankamufunsa kuti yasunga pati, nanga magetsi atathima zitsala? Ife ogwira nawo ntchito tinkachita kuwazemba pa nthawi ya tiyi.

Woyang'anira holo, a Yadagiri, anawalandira ndi nsangala zokayikitsa. Anafotokoza kuti mayi Annapurna analembetsa ku ofesi yawo ina ya ku Ameerpet, banja linalo, la a Chowdary, linalembetsa pomwepo pa holo, mphindi imodzimodzi, ndipo makompyuta onse awiri anavomera.

A Subbarao anakanitsitsa kuti pulogalamu yawo singachite zimenezo. A Yadagiri sanatsutse. Anangotulutsa chikalata chofotokoza za pulogalamuyo m'kabati, n'kutsegula tsamba 14, n'kuwerenga mokweza kuti ofesi iliyonse iziyankha msanga osadikira inzake, ndipo makompyuta azigwirizana pambuyo pake.

"Munandiwerengera nokha kawiri konse, achimwene, chala chili pamzere," anatero a Yadagiri. "Nditafunsa kuti pambuyo pakepo ndi liti, munati zimenezo simunalonjeze."

"Ndiye agwirizana makompyutawo?" anafunsa mayi Annapurna.

"Agwirizana dzulo, mayi. Agwirizana kuti holo ndi ya banja la a Chowdary."

A Subbarao anawerenga tsambalo katatu kufunafuna polakwika, koma sanapapeze. Mtima unawawawa ndithu, poti Sravani ndi mwana mmodzi yekhayo. Komabe khalidwe silibisika. Anavula magalasi, nkhope itayamba kuwala.

"Ukuona, Annapurna? Yachita ndendende zimene ndinalemba."

Mayi ananyamula katoni yawo, ndipo ulendo wonse wobwerera ankangoyang'ana magalimoto.

Ola la wansembe silisunthika, choncho chosuntha chinali ukwati. Pofika madzulo, mayi anali atapeza tenti ndi bwalo la sukulu ina ku Miyapur. Anaika makadi 600 patebulo, pamodzi ndi cholembera, n'kuuza amuna awo kuti afafanize dzina la holo pa khadi lililonse ndi kulemba malo atsopano pamanja.

"Mukalemba limodzi, mundionetse. Musakhudze lina ine ndisanavomere."

A Subbarao anadandaula kuti njira imeneyo ndi yochedwa kwambiri. Mayi anavomereza kuti ndi yochedwadi.

Atafika pa khadi la 40, fungo la mpunga ndi msuzi wa sambar linayamba kutuluka kukhitchini. Bambo anameza malovu, n'kufunsa mwaulemu kuti chakudya adya nthawi yanji.

"Mudya ndithu, bambo a Sravani," anatero mayi, akuwapatsira khadi lina. "Pambuyo pake."