Zaka za Jamila

Zainabo ankapeta mapira pakhonde pamene a Tomé, womasulira wa ku boma ku Mandimba, anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango.

"Amake Jamila, mlandu uja wadzukanso," anatero.

Kassimu, bambo amene anagwirira Jamila panjira ya kumunda, anali atagamulidwa kale kukhala kundende zaka zisanu ndi zitatu. Koma abale ake anapeza wowalembera kalata yodandaula ku bwalo lalikulu. Ankati mtsikanayo ndi wamkulu, si mwana ayi, ndiye chilango chichepe.

"Akufuna pepala la zaka zake," a Tomé anatero. "Likasowa, amuitanitsanso, dokotala amuone, ayankhenso mafunso aja."

Zainabo anayang'ana chitseko cha nyumba. Ulendo woyamba uja Jamila ataima pamaso pa azibambo aja, anabwerako osalankhula mwezi wathunthu.

"Pepala ndilitenga kuti ine? Kwathu mwana akabadwa shehe amamunong'oneza m'khutu, basi kwatha."

A Tomé atapita, Zainabo anangokhala, lichero lili pamiyendo. Ndi momwe anamupezera Lurdes, mnzake wa kutsidya kwa khwawa, yemwe anabwera kudzabwereka musi. Atamva nkhaniyo anaika manja m'chiuno.

"Inunso amake Jamila, mutu wanuwu ngwosenzera madzi okha? Jamila anabadwa liti?"

"Nthawi yokolola mapira."

"Nanga Beatriz wanga?"

Zainabo anadzutsa mutu.

"Ine ndinabereka Lachiwiri, inu Lachisanu," Lurdes anatero. "Munadwala malungo, mkaka osatuluka. Ndinayamwitsa ndani ine? Wanga uku, wanu uku. Wanuyo ndiye ankayamwa ngati walipira."

Zainabo anaseka, kenako kusekako kunasanduka misozi. Lurdes anamusiya alire, n'kumalizitsa kupeta mapira aja.

M'mawa mwake ananyamuka kwawo ku Ngauma wapansi, awiriwiri, ulendo wa ku Mandimba. Kalata ya ubatizo ya Beatriz Lurdes anaikulunga m'kansalu n'kuibisa pachifuwa, ndipo njira yonse ankangoigwiragwira.

Atafika, mzungu woyang'anira ku boma kuja anaiwerenga, n'kulankhula mwachidule.

"Akuti pepalali ndi la mwana wina," a Tomé anamasulira.

"Muwauze kuti ndikudziwa, ndinabereka ndine," Lurdes anatero. "Koma ana awiriwa anayamwa bere limodzi sabata imodzi. Ngati wanga ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, winayo zinazo wazitenga kuti? Andilumbiritse pa chilichonse chimene akufuna."

A Tomé anamasulira pang'onopang'ono, osasiya mawu. Mzungu uja anawayang'ana azimayiwo nthawi yaitali, kenako anakoka pepala n'kuyamba kulemba. Lurdes anadinda chala, Zainabo naye anadinda. Mapepalawo anapita ku Cuamba kukakwera sitima.

Yankho linabwera mvula itayamba. A Tomé sanatsike n'komwe panjinga.

"Chilango chakhala momwemo. Umboni wa amake Beatriz aulandira. Mwana asavutikenso."

Zainabo analowa m'nyumba. Jamila anali pamphasa, akusankha nyemba. Mayi ake anakhala pambali pake n'kumuuza zonse, mmene anamvera.

"Ndiye sindipitanso kuja?" Jamila anafunsa.

"Supitanso, mwanangu."

"Iyeyo sabwera?"

"Sabwera."

Jamila anasankhabe nyemba kanthawi. Kenako anasuntha pang'ono, n'kutsamiritsa mutu paphewa la mayi ake. Zainabo anali ndi madzi pamoto, koma sanadzuke.