Injini Yodzutsidwa Pakona

A Sipanala anaizungulira kawiri galimoto ija, manja ali kumbuyo ngati munthu woyendera munda wa eni. Kachitatu anaima kutsogolo n'kutsegula boneti. M'katimo munalibe injini. Munali kabokosi koyera koti n'kuikamo chikwama cha zovala, basi.

"Ndiye oyilo ndizithira pati?" anafunsa, yankho akulidziwa kale.

"Palibe pothira, bambo," anatero mtsikana wogulitsa magalimotoyo. "Iyi ndi ya magetsi okhaokha. Mukafika kunyumba mwailumikiza kukhoma ngati foni, m'mawa muipeza itakhuta."

A Sipanala anamwetulira mpaka mano a kumapeto kuonekera. Dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso. Zaka makumi anayi ndi ziwiri anazithera pansi pa magalimoto a anthu, ndipo malipiro amene anatsala nawo anali zala zopindika ndi nyamakazi ndi zikhadabo zakuda zosamva sopo. Tsiku limene anagulitsa galaja yawo analumbira kuti sadzagwiranso oyilo mpaka kufa. Ndiye apa patsogolo pawo panali galimoto yogwirizana ndi lumbiro lawolo. Anaikonda nthawi yomweyo.

Mtsikanayo anawatengera pa ina yoyandikana nayo. "Iyi ndi haibulidi yotchaja. Ili ndi batire, ilinso ndi injini ya petulo. Nayonso mumaitchaja kukhoma, koma batire ikatsika injini imalandirira."

"Mapanga awiri avumbwitsa, mwanangu," anatero a Sipanala. "Imeneyo ndi mitala. Uku usamale batire, uku usamale injini. Pa msinkhu wanga uno?"

Mwana wawo, amene chiyambireni ntchito kuchipatala aliyense ankangomutchula kuti Nesi, anaseka n'kuwagwira pamkono. "Ababa, musanakwatire nokha kuno, mwawafunsa amayi?"

Anali asanawafunse. Anabwerera kunyumba pa galimoto yawo yakale, imene banja lonse linkaitcha Chifuwa chifukwa cha katsokomoledwe kake. Chifuwa inali itawatumikira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma tsopano zipangizo zake zinali zitasiya kupezeka, ndipo mwezi womwewo inali itawazimira kawiri pakati pa msewu akupita ku chipatala cha maso. Atafika pakona pamene pali shopu ya buledi anatsitsa giya, Chifuwa n'kutsokomola kawiri monga mwa masiku onse, n'kuyamba kukwera kamtunda kolowera kwawo.

Mkazi wawo anali ataima pakhomo. A Telala, monga ankadziwikira mumsewu wonsewo, anasiya kuona zaka zitatu zapitazo chifukwa cha matenda a shuga. Komabe panalibe tsiku limene a Sipanala anabwera n'kupeza pakhomo popanda munthu. Mayiwo ankaima mowongoka, mpango utamangidwa bwino kumutu, dzanja limodzi lili pafelemu ya chitseko, ketulo ikulira kale kukhitchini. A Sipanala ankanyadira kwa anzawo kuti mkazi wawo amaona ndi mtima. Kufunsa kuti amadziwa bwanji, ayi, sanafunsepo. Amuna ambiri amayesa tiyi amadziphika yekha.

"Mwabwerako, bambo a Nesi?"

"Ndabwerako, mayi. Ndakapeza namwali wopanda chifuwa."

Pomwa tiyi anafotokoza zonse, ya magetsi akuikometsera, ya pawiriyo akuidutsa mothamanga. A Telala anamvetsera mpaka kumapeto, kapu ili m'manja awiri.

"Mutenge ya injiniyo," anatero.

"Mwati bwanji?"

"Ya injiniyo. Magetsi akathima mudzatani?"

"Akathima ndidikira ayake. Ndimapita kuti ine? Kumsika, kutchalitchi, kuchipatala."

"Nanga tikafuna kukaona achemwali anga?"

"Achemwali anu amene munakangana nawo chaka chatha?"

"Tidzagwirizana. Galimoto yopanda injini ndi wilibala, bambo a Nesi."

A Sipanala anakwiya, ndipo anakwiya mwa chizolowezi chawo: anakatsuka makapu mwaphokoso. Zinawapweteka. Mayi ameneyu ndi amene ankawatikita zala ndi madzi ofunda m'nyengo yozizira, ndi amene anamva lumbiro lija ndi makutu ake. Pa zaka zonsezi sanalowererepo nkhani ya galimoto, ngakhale mtundu wa penti. Lero bwanji akufuna kuwabwezera ku oyilo?

Nesi ndiye anapeza nzeru. Anapempha ogulitsa aja kuti bambo ake aitenge haibulidiyo tsiku limodzi, amayi akaikhudze, akakhalemo, kenako akambirane ngati anthu akuluakulu. A Sipanala anavomera ndi cholinga chokaipezera zifukwa.

Ananyamuka nayo cha m'ma 3 koloko masana, batire itadzaza. Zifukwa zija sizinapezeke. Galimoto inkangoseseleka, injini ili m'tulo, ndipo iwo ankamva ngakhale kukambirana kwa anthu oyenda pansi. Anadutsa pa shopu ya buledi, anakwera kamtunda, analowa pageti. Anazimitsa, ngakhale panalibe chimene chinkamveka kuti chazima.

Pakhomo panalibe munthu.

Anakankha chitseko n'kulowa. Kukhitchini kunali zii, ketulo yozizira. Anadutsa m'kakhonde ka m'kati mpaka pa chipinda chosokera, chimene chitseko chake chinali chotsegula pang'ono, ndipo anaima pomwepo.

A Telala anali atakhala kutsogolo kwa mashini awo osokera, amene sanalirepo kwa zaka zitatu. Mpango unali pamiyendo, imvi zili pamtunda. Dzanja limodzi linkasisita gudumu la mashiniwo pang'onopang'ono. Phazi lamanzere linkafufuza silipasi pansi, koma silipasiyo inali patali, pafupi ndi khoma, ndipo phazilo linkangobwerera pamalo amodzimodzi. Chimene chinawalasa kwambiri a Sipanala chinali nkhope. Inali yakugwa, yotopa, ya munthu amene wakhala yekha mumdima kuyambira m'mawa. Nkhope imeneyo anali asanaionepo.

A Sipanala anasuntha phazi, nsapato n'kukhula pansi.

"Ndani?" A Telala anadzidzimuka, dzanja n'kugwira sizasi imene inali patebulo. "Ndani ali m'nyumba muno?"

"Ndine, mayi. Ndine."

Mayiwo anaika sizasi pansi, anatenga mpango n'kuyamba kumanga, koma mfundo inkakana.

"Mwabwera wapansi?"

"Ndabwera pa galimoto. Ija mumafuna ija, ya injini."

"Nanga injiniyo ili kuti? Sindinaimve."

"Imagona. Ulendo ukakhala waufupi imayendera batire yokha."

A Telala anausa moyo n'kusiya mpango uja ugwe. "Ndiye kuti zonse ndi chimodzimodzi," anatero motsitsa. "Chakudza sichiimba ng'oma."

A Sipanala anawerama movutikira, anatola silipasi ija n'kuiveka kuphazi la mkazi wawo. Kenako anakoka kampando n'kukhala pafupi. Pa ntchito yawo anaphunzira kuti injini ukaipatsa mpata imanena yokha pamene pakuvuta.

"Chifuwa ikatsokomola pa buledi paja, ndimadziwa kuti ndinu," anayamba a Telala. "Ndimamanga mpango. Ndimapeza masilipasi. Kuchoka pano kukafika pa ketulo ndi masitepe khumi ndi anayi, kuchoka pa ketulo kukafika pachitseko asanu ndi anayi. Mukamalowa pageti ndimakhala nditafika, nkhope nditaikonza. Zonse ndinaluza, bambo a Nesi. Singano sindiiona, mdzukulu wanga sindikumudziwa nkhope. Chimene ndinatsala nacho n'chakuti mukamabwera muzindipeza nditaima, ngati kale. Sindifuna muzindipeza chonchi."

A Sipanala anachita manyazi aakulu. Zaka zitatu akudzitama ndi mtima woona wa mkazi wawo, osadziwa kuti kuseri kwake kuli liwiro la masitepe makumi awiri ndi atatu tsiku lililonse.

"Ndiziimba hutala pakona," anatero.

"Ndine pasinjala ine?"

"Ndiye ndizikuimbirani foni."

"Mukaimba foni ndiye kuti mukundiuza kuti ndikonzeke, ngati wodwala woti adokotala akubwera. Sindifuna kuuzidwa. Ndimafuna kudziwa ndekha." Anafufuza dzanja la mwamuna wawo, n'kulipeza, n'kusisita zala zopindikazo. "Zisiyeni. Katengeni ya magetsi yanuyo. Zala izi zavutika mokwanira. Ndizolowera."

Mawu akuti ndizolowera aja ndi amene anawasowetsa mtendere. M'mawa mwake, atamwa tiyi, anakakhala m'galimoto yobwerekayo ndi magalasi pamphuno, n'kutsegula buku lake la malangizo. Pa moyo wawo wonse ankati mabuku otere ndi a anthu opanda makutu. Tsikulo anawerenga tsamba ndi tsamba, chala chikutsata mizere, mpaka anaima pa kachithunzi ka batani lina la pafupi ndi giya.

Pobweza galimotoyo anapeza Nesi akuwadikira, yunifolomu ili m'thupi.

"Mwanangu," anatero kwa wogulitsa uja, "kabatani aka. Ndikakadina, injini idzuka pompo, ngakhale batire ili yodzaza?"

"Idzuka, bambo. Kamathandiza mukafuna kuti injini iwonjezere moto m'batire muli paulendo. Koma m'tauni muno simungakafune. Anthu onse amandifunsa mmene angachitire kuti injini isadzuke. Inu ndinu oyamba kufunsa zoidzutsa."

"Ndiitenga imeneyi."

Nesi anawayang'ana. "Ababa, mitala ija?"

"Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo."

"Nanga oyilo? Munalumbira paja."

"Ndinalumbira ndili ndekha, ngati kuti m'nyumba muja ndimakhala ndekha." Anapita pa ya magetsi ija n'kuisisita boneti kamodzi, monga mmene munthu amatsanzikira mwana wa eni amene wamukonda. Zinawawawa ndithu, sanabise. Kenako anatembenuka n'kufunsa posaina.

Kunyumba anangonena kuti asankha ya injini chifukwa achemwali aja mwina adzagwirizana nawo. Za batani sanatchule.

Tsiku loyamba anayenda mwakachetechete tauni yonse. Atafika pa shopu ya buledi anadina. Injini inadzuka ndi kamawu kosalala, kaulemu, kosafanana n'komwe ndi Chifuwa, choncho anaiponda pang'ono kuti imveke. Anakwera kamtunda mosafulumira, pakamwa akuwerenga. Khumi ndi anayi, ketulo. Asanu ndi anayi, chitseko. Atalowa pageti anawapeza ataima, mpango uli m'malo mwake, dzanja pafelemu.

"Mwabwerako, bambo a Nesi?"

"Ndabwerako, mayi."

"Ilibe mawu ngati Chifuwa. Ikulankhula ngati mkamwini watsopano."

"Izolowera pakhomo pano."

Zinayenda choncho milungu isanu. A Sipanala ankadziona ngati munthu wochenjera kwambiri mumsewu wonsewo. Chinsinsi chawo ankachisunga ngati dzira, ndipo ngakhale Nesi sanamuuze.

Lachinayi lina, akuchokera kumsika, njinga inawadutsa kutsogolo pakona pomwepo. Pokangana ndi wanjingayo kudzera pawindo anaiwala, ndipo anakumbukira ali pakati pa kamtunda. Anadina msangamsanga. Atafika anawapeza a Telala ali pakhomo ndithu, koma akupuma mwabefu, mpango utapendekeka, phazi limodzi lopanda silipasi.

"Mwabwerako?"

"Ndabwerako, mayi."

"Bambo a Nesi, kabatani kanu kaja muzikadinira pa buledi pomwe. Maondo anga si a dzana."

A Sipanala anaima ndi jumbo ya tomato m'manja. "Batani lanji?"

"Musandipusitse. Ndakhala ndi makaniko zaka makumi anayi. Injini imene yayenda kuchokera kumsika ndi injini imene yangodzutsidwa kumene, ndingalephere kuzisiyanitsa? Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Inu munanena?"

Anaseka onse awiri, ndipo a Sipanala anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, poti panalibe wowaona. Anakonza mpango wa mkazi wawo ndi zala zawo zopindikazo, mfundo n'kutuluka yokhota, koma mayiwo sanaimasule.

Kuyambira tsiku limenelo injini inkadzuka asanafike n'komwe pa buledi, cha pa siteji ya basi. Mayi wogulitsa m'shopumo ankadabwa ndi galimoto yatsopano imene imabwera ili chete, n'kuyamba kulira pakona, kenako n'kukwera kamtunda pang'onopang'ono ngati yalemedwa. M'katimo munkakhala nkhalamba itagwira chiwongolero ndi manja awiri, milomo ikugwedera, ikuwerenga masitepe a munthu wina.