Kope Losatuluka Pakhomo

Mlendoyo anafika tsiku lachitatu chiikireni maliro, anthu akuphwasula chisakasa. Anatsika panjinga ya kabaza fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, n'kufunsa ngati pano ndi pa malemu a Obed Ngozo. Eliness, mkazi wa malemuyo, anali pakhonde akusankha kachewere wotsala pamaliro. Atangomva kalankhulidwe ka munthuyo anadziwa kuti ndi wa kutsidya kwa malire.

Anati dzina lake ndi Nikolau, kwawo ndi ku Ulongwe koma amagwira ntchito ku Beira. Ntchito yake inali yomwe ija ya Obed, yokhala pansi pabwalo la ndege n'kumauza oyendetsa ndege pokwera, potsika ndi pokhota kuti asaombane mumlengalenga. Ndege ikamachoka mbali ya Malawi kulowa ya Mozambique, Obed ankaipereka kwa iye pafoni. Anapatsana ndege zaka khumi ndi zisanu, koma maso ndi maso anaonana kanayi kokha.

A Maynard, akulu ake a Obed, anamupatsa mpando. Anali munthu wabwino ndithu a Maynard, kungoti imfa ya mng'ono wawo inawapatsa udindo, ndipo anaugwira ndi manja awiri osafuna kupumira.

Atatha kupepesa, Nikolau anapotokola chipewa chake m'manja.

"Ndili ndi pempho, bambo. Ndege zachuluka masiku ano, njira zakale zayamba kuchepa. Mayiko anayi takhala zaka zinayi tikukonza njira zatsopano ndi kulumikiza makina athu kuti aziuzana okha. Lolemba likubwerali tikukagwirizana komaliza. Chigawo cha pamwamba pa malire ano ankakonza ndi a Obed, ndipo zomaliza analemba m'kope lawo lobiriwira."

"Pepani achimwene," anatero a Maynard. "Katundu wa malemu tamanga. Mpaka tsiku logawa, mwezi wamawa, ngakhale singano situluka pakhomo pano."

"Tikaphonya Lolemba, mayikowo adzakumananso chaka chamawa."

"Ndegezo zakhala zikuuluka chikhalire. Zidikira."

Eliness anapitiriza kusankha kachewere. Kopelo silinali m'sutikesi imene a Maynard anaimanga ndi chingwe. Linali pansi pa matiresi ake, ndipo ankadana nalo ngati mkazi mnzake. Chifukwa cha kopelo Obed anafika paukwati wa mwana wawo Tawina anthu atadya kale, akuchokera ku msonkhano wa kunja. Ngakhale kuchipatala analitenga, n'kumalemba ndi dzanja lomwe linali ndi diripi. Eliness anali ataganiza kale zoti anthu akangobalalika aliponya pamoto.

Nikolau sanakakamire. Anaimirira n'kuvala chipewa.

"Ndamva, bambo. Mwambo ndi mwambo, kwathunso timatero. Mungondilozera kumanda ndikatsanzike mnzanga, ndizipita kusanade."

Mawu amenewo anamubaya Eliness. Akanakhala munthu wamakani, bwenzi atamusiya apite chimanjamanja, mtima uli mbee. Koma uyu anayenda ulendo wonse wochokera ku Beira, ndipo akubwerera osadandaula. Apo m'pamene anaona kuti zaka zinayi zija zinapita kale, sizibwerera. Akatentha kopelo, ndiye kuti iye ndi ana ake anasowa bambo pakhomo popanda chifukwa.

Analowa m'nyumba n'kutuluka nalo. Anagwada chapatali ndi a Maynard.

"Alamu, mwati kope lisatuluke pakhomo, ndipo silituluka. Nanga mawu ali m'katimu, nawonso mwamanga?"

A Maynard anayang'ana kopelo, n'kuyang'ana mlamu wawo, kenaka anakanda ndevu kwa nthawi ndithu.

"Za mawu akuluakulu sananenepo," anayankha. "Koma likhale m'manja mwanu, ine ndili pompano."

Nikolau anatulutsa foni kuti ajambule masambawo. Atasuzumira tsamba loyamba anapukusa mutu, akuseka koma misozi ili lengelenge. Obed ankalemba ngati nkhuku yapalasa pamchenga, Chingerezi chosakaniza ndi Chichewa, mawu ena oduladula.

"Mayi, izi ngakhale nditajambula, palibe angaziwerenge."

"Ine ndaziwerenga kuyambira makalata ofunsira," anatero Eliness. "Tengani cholembera."

Anakhala pakhonde pomwepo, mphepo ya ku Tsangano ikulowa m'mafupa ngakhale dzuwa linali pamutu. Eliness anayika chala pamzere woyamba.

"Zochokera kumwera, zikafika pamalire, zikhale pa mafiti 35,000."

"Zochokera kumwera, pamalire, mafiti 35,000," anatero Nikolau, kenaka n'kulemba.

"Zopita kum'mawa zikhotere kumanja, madigiri khumi."

"Zopita kum'mawa, kumanja, madigiri khumi."

Pamzere wachitatu Eliness anatseka kopelo, chala chili m'kati.

"Bwanji mukundibwereza mawu?"

"Pepani mayi, n'chizolowezi cha ntchito. Mnzako akakuuza kanthu umabwereza, kuti amve yekha kuti mawu ake afika onse. M'ndegemo mumakhala anthu mazana. Mawu ofunika sitingoyankha kuti chabwino."

Eliness anakumbukira mwamuna wake. Zaka makumi awiri ndi zitatu Obed ankatero kunyumba. Akamuuza kuti agule sopo ndi mchere ndipo abwere msanga, iye ankati, "Sopo, mchere, kubwera msanga." Eliness ankapsa nazo mtima, kumayesa kuti akumunyogodola. Tsiku lina anachita kumuponyera chipande, ndipo Obed anangochitola n'kuchitsuka, osafotokoza kanthu.

Ndiye kuchipatala kuja, m'mawa wa tsiku lomaliza, Eliness anamunong'oneza kuti, "Ana ndiwasamala, inu pumulani." Obed anatsegula maso movutikira n'kunena kuti, "Ana uwasamala. Ine ndipumule." Eliness anayesa kuti ndi matenda akumubwebwetetsa, ndipo sanamuyankhe.

Chisoni chinamugwira kuposa tsiku la maliro. Analira pomwepo, osabisa nkhope, ndipo a Maynard anavula chipewa n'kuyang'ana kumapiri. Nikolau anadikira, cholembera chili m'manja.

Atatonthola, Eliness anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kutsegulanso kopelo. Anawerenga mzere wachitatu pang'onopang'ono, ndipo sanasunthe chala chake mpaka Nikolau atabwereza mawu onse.