Kansomba Kotsalira M'miyala

Wezi anaima pakhomo la chipinda chodyera, chikwama chikadali paphewa. Mayi Hidaya, omwe ankakolopa pa loji yogona alendoyi, anali atakwera pakampando pafupi ndi thanki yagalasi, akunyenyera kausipa kouma m'madzi ndi zala ziwiri. Ankang'ung'udza kanyimbo ngati munthu wodyetsa anapiye. Posakhalitsa pakamphako ka mwala, pansi penipeni, panasuzumira kamutu. Kansomba kotuwa, kosakwana n'chala chomwe, kanawakha nyenyeswa n'kubwereranso kumphako.

M'thanki imeneyo simunkayenera kukhala nsomba ngakhale imodzi.

Lojiyo inali ya bambo Kamal, ku Senga Bay. Munthuyu anali ndi nyanja yodzaza nsomba pakhomo pake penipeni, koma mtima wake unakakamira nsomba za m'nyanja yamchere, zobwera pandege m'mabokosi kuchokera ku Dar es Salaam. Za anthu achuma n'zosafunsa. Wezi ndiye ankasamalira thankiyo: kusungunula mchere wa m'matumba, kuyeza madzi, kutsuka mapampu. Luso limeneli analitola pakampani ina yogulitsa nsomba zokongola za mbuna kunja, yomwe inatsekedwa kalekale, ndipo kudera lonselo kunalibe kwina komwe akanalembedwa ntchito yotere. Ntchitoyi ndi imene inkamusunga iye ndi ana ake awiri omwe ankakhala ndi mchemwali wake ku Khombedza.

Matenda analowa mvula itangoyamba. Nsomba zinayamba kudzikhula pamiyala ngati mbuzi ya mphere, kenaka timadontho toyera tinatuluka thupi lonse. Zina zinafera momwemo. Zina Wezi anazivuula n'kuziika m'mabeseni amankhwala, koma nazonso zinatha imodziimodzi. Bambo Kamal sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoyang'ana thanki yopanda kanthuyo n'kunena mwaulemu wochititsa mantha kuti, “Zikadzafanso, a Wezi, musadzadikire kuti ndikuuzeni.”

Mankhwala sakanathiridwa m'thanki yaikulu chifukwa akanapha makorali, zamoyo zija zooneka ngati maluwa omera pamwala. Njira inali imodzi yokha: kuisiya popanda nsomba kwa miyezi iwiri n'kupitirira, kuti tizilombo toyambitsa matendawo, tobisala mumchenga, tikaswa tisowe thupi loyamwa, tife ndi njala. Wezi anadikira nthawi yonseyo, alendo akumuseka kuti akuweta miyala. Tsopano nthawi inali itakwana. Nsomba zatsopano zinali zitafika kale, zikudikira m'kathanki kena kuchipinda chosungiramo katundu, zonenepa bwino. Loweruka kunali phwando la ukwati wa Esha, mwana wa bambo Kamal, ndipo bwanayo ankafuna kuti alendo ake akapeze thanki ikuwala. Tsikuli linali Lachinayi.

“Amayi, mukutani?” anafunsa Wezi.

Mayi Hidaya anatsika pakampando akumwetulira, ngati munthu amene wagwidwa akuchita zabwino. Anati kansomba kameneko anakatcha dzina loti Chatsalira. Anamuona m'mawa wina akukolopa, maliro a anzake atangotha, akusuzumira yekhayekha pamphako. Masana sankatuluka, ankadikira m'mawa kusanabwere anthu. Kuyambira pamenepo ankamubweretsera kausipa kamodzi, komanga pansonga ya chitenje.

“Bwanji simunandiuze?”

“Ndikuuze kuti ukamuike m'beseni muja? Onse amene unawaika muja anatuluka mitembo, mwanangu. Uyu Allah anamusiya ndi riziki lake, gawo lake la chakudya. Wamasiye samanidwa chakudya.”

Wezi anakhala pampando wa alendo, chinthu chimene sankachita. Anafuna kukalipa, koma akalipire ndani? Antchito onse anawauza kuti asakhudze thanki, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamufotokozera chifukwa chake. Ankaona ngati za tizilombo tosaoneka ndi maso n'zotopetsa kufotokozera munthu wokolopa. Ndiponso amene anawerenga mitembo n'kukhutira kuti zonse zatuluka anali iye mwini. Tsopano anafotokoza, mochedwa. Anati ngati m'thankimo munali nsomba nthawi yonseyi, ndiye kuti tizilombo tija tinali ndi podyera. Miyezi yonse ija anadikira pachabe. Nsomba zatsopano zikalowa, zikhoza kukapeza matenda akuzidikirira.

Kumwetulira kwa mayi Hidaya kunazima pang'onopang'ono. Anayang'ana zala zawo zonunkha usipa n'kuzipukuta pachitenje.

“Ndiye kuti ndimadyetsa imfa,” anatero chapansipansi. “Tiye tikawauze abwana. Ndinene ndine.”

Wezi anakana. Mayi Hidaya anali wamasiye, amuna awo anamira ndi bwato pochokera ku chilumba cha Mbenji, ndipo ankalera zidzukulu zitatu ndi chikolopa chomwecho. Ndi iwonso amene anamupezera Wezi kanyumba ka lendi atangofika kumene. Kuwaponya m'kamwa mwa bwana kukanakhala kuluma dzanja lomwe linamudyetsa. Koma chilungamo chake, sikuti Wezi ankangoganizira mayiwo. Ankaopa za iye mwini, ndipo mantha akewo anawaveka chitenje cha chifundo kuti aoneke bwino.

Komabe chakumasana anayesa. Anapeza bambo Kamal pakapinga, akulozera anyamata poimika matenti, foni ili kukhutu. Atamuona anamwetulira, kumwetulira koyamba chichitikireni matenda aja. Anamuuza kuti abale ake ochokera ku Lilongwe ndi ku Limbe akufunsa za thankiyo, ndiponso kuti Esha akufuna kudzajambulitsa pomwepo atavala zaukwati. Kenaka anafunsa ngati zonse zili bwino.

Wezi anatsegula pakamwa. Mawu anali okonzeka, anawayeserera njira yonse kuchokera kukhitchini. Koma anaona nkhope ya bwanayo, anaonanso m'maganizo mwake ana ake atakhala pakhonde ku Khombedza, ndipo lilime linapota lokha.

“Zonse zili bwino, bwana. Mawa zilowa.”

Madzi akatayika saoleka. Atabwerera, iye ndi mayi Hidaya anadula botolo la pulasitiki, n'kulowetsa kukamwa kwake chamkati, monga amachitira ana a kugombe akamatchera tinsomba. Anaikamo usipa n'kulimiza pafupi ndi mphako. Chatsalira anali wochenjera, koma dzanja la mayi Hidaya ankalidziwa. M'mawa wa Lachisanu anamupeza ali m'botolo, akuzungulirazungulira.

Wezi anamuika m'kabeseni ka madzi amchere n'kupita naye padzuwa. Anamuyang'ana mbali iyi, n'kumuyang'ananso mbali inayo. Anayang'ana zipsepse, mchira, m'mbali mwa maso. Panalibe dontho ngakhale limodzi. Mtima unayamba kumunyengerera kuti mwina kansombaka n'kolimba, tizilombo tinakalephera, ndiye tinafabe ndi njala. Koma mutu wake unkadziwa bwino kuti nsomba yopulumuka imatha kusenza tizilombo m'makha ake opumira, mosaoneka, iyo ili bwinobwino. Mtima ndi mutu zinakangana mpaka tiyi wake anazizira, ndipo mtima ndi umene unapambana chifukwa unkanena zimene iye ankafuna kumva.

Mayi Hidaya anaima pakhomo ndi ndowa yawo, akumuonerera.

“Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanangu. Ukwati ndi wa tsiku limodzi.”

“Njala ya ana anga si ya tsiku limodzi, amayi.”

Mayiwo ananyamula kabeseni ka Chatsalira n'kukakaika kuseri kwa matumba a mchere, komwe Wezi anakalumikizira kapampu kakang'ono.

Madzulo a tsikulo Wezi anasamutsa nsombazo. Anazizoloweretsa madzi pang'onopang'ono, n'kuzilowetsa imodziimodzi. Zinalipo zofiirira za mizere yoyera, zabuluu, ndi ina yachikasu chowala, yopyapyala ngati tsamba, yomwe inali mfumukazi ya zonse. Zinabalalika m'makorali mosangalala ngati ana otsekera sukulu. Ophika anatuluka kukhitchini kudzaona, ndipo mmodzi anaseka kuti yachikasuyo singakwane ngakhale ndiwo za mphaka. Onse anaseka. Wezi nayenso anaseka, koma maso ake sanachoke pathanki.

Ukwati unayenda bwino, wina asaname. Esha anajambulitsa pathanki monga ankafunira, ana a alendo anapaka zala pagalasi lonse, ndipo bambo Kamal anamuitana Wezi pamaso pa abale awo n'kunena kuti uyu ndiye dokotala wa nsomba. Anamulongedzera mpunga wa biriyani ndi nyama m'kontena kuti akadyere kunyumba. Wezi anakapatsa ana a aneba. Iye sanalaweko n'komwe.

Kuyambira pamenepo anasanduka mlonda wa galasi. Ankafika m'mawa ophika asanayatse moto, n'kuunika ndi tochi ya foni nsomba iliyonse. Kathovu ka mpweya kakamatirira pachipsepse, mtima unkalumpha, mpaka kathovuko kachoke. Kamchenga kakagwera pamsana pa nsomba, iye thukuta kamukamu. Anthu anayamba kumufunsa ngati akudwala malungo. Mchemwali wake ataimba foni kunena kuti mwana wake wamkulu wakhoza bwino mayeso, Wezi anayamika Mulungu ndi pakamwa, maso ali pathanki.

Sabata inatha popanda kanthu. Anayamba kupuma pang'ono. Anafika mpaka pomuseka Chatsalira, yemwe ankanenepa kuseri kwa matumba, kuti wamuvutitsa mtima pachabe. Mayi Hidaya okha ndi amene sankaseka. Pokolopa ankachedwa dala pafupi ndi thanki, akuyang'ana cham'mbali, milomo ikuyenda mwakachetechete ndi dua, pemphero lawo.

M'mawa wina sabata yotsatira, Wezi akupukuta galasi, yachikasu ija inasiya zinzake n'kutsikira pansi. Inapendekeka, n'kudzikhula pamwala kamodzi, msangamsanga, n'kubwerera m'mwamba ngati sinachite kanthu. Wezi anaima chilili, kansalu kali m'manja. Anadziuza kuti nsomba nayonso imamva kuyabwa ngati munthu. Anadikira. Yachikasuyo inazungulira korali, n'kutsikanso, n'kudzikhulanso pamwala womwewo. Ataunika ndi tochi, anaona pachipsepse cha kumanzere timadontho tiwiri toyera, tosachoka.

Kumbuyo kwake chikolopa chinali chitasiya kulira pasimenti.

Wezi anadziwa zimene zinatsala. Nsomba zikanatha kupulumuka, mwina zambiri, ngati akanazivuula tsiku lomwelo matenda asanakule, osati mochedwa ngati ulendo woyamba uja. Koma kuzivuula kunkafuna kuchotsa miyala yonse, kutenga mabeseni, kuitanitsa mankhwala ku Lilongwe, n'kuisiyanso thanki yopanda kanthu miyezi ina. Zimenezo sizikanabisika kuseri kwa matumba a mchere. Akanakhala chete, akanadya malipiro a mwezi umodzi kapena iwiri, uku akutola mitembo m'mawa uliwonse n'kumanamizira kuthima kwa magetsi. Akananena, bwana akanafunsa kuti tizilombo tinapulumuka bwanji, ndiponso kuti iye anadziwa liti.

Anapinda kansalu kaja bwinobwino n'kukaika pamwamba pa thanki. Anapita kuchipinda chosungiramo katundu, n'kutulutsa kabeseni ka Chatsalira. Galimoto ya bambo Kamal inali itaima kale panja pa ofesi.

“Ukupita nayenso?” anafunsa mayi Hidaya.

“Bwana akamuone. Akapanda kumuona aziti ndikupeka.”

“Dikira ndisambe m'manja.”

“Inu khalani, amayi. Amene ananena kuti zonse zili bwino ndine.”

Mayi Hidaya anatsamiritsa chikolopa pakhoma, n'kukonza mpango wawo kumutu, osafulumira.

“Usipa unali wanga,” anatero.

Anadutsa pakapinga, pomwe zipsera za matenti a ukwati zinali zisanafufutike, Wezi patsogolo ndi beseni, mayiwo pambuyo. Madzi ankakhavukira pamanja ake. Atafika pakhomo la ofesi anapeza kuti alibe dzanja logogodera, ndipo mayi Hidaya ndi amene anatambasula lawo n'kugogoda.