Bwinja la Kuseri kwa Nandolo

Doreen adajambula yekha mawu a bambo Muhiwa, mkulu wa mpingo, n'kuwaika mu pulogalamu ya pafoni yoyendetsa alendo m'malo akale a ku Mbombwe. Chidamutopetsa chinali chimodzi: pa bwinja lililonse, ngakhale pomwe padangotsala mzere wa njerwa, mkuluyo ankayamba waima n'kunena "Odi," kenako n'kudikira. Doreen adadula maodi onsewo. Mlendo wa ku Blantyre angakhalire kumvetsera zimenezo?

Loweruka masana adapita kukayesa pulogalamuyo, mahedifoni ali m'makutu. Mawu a mkuluyo adamutsogolera bwinobwino kuchokera pa tchalitchi mpaka kuseri kwa munda wa nandolo, pa maziko a nyumba yomwe idapsa kalekale. Doreen adalumpha njerwa za mazikowo n'kukaima pakati.

Mawu aja adaduka. M'makutu mudamveka tsache, wina akusesa pang'onopang'ono pafupi ndi mapazi ake. Kenako lidaleka.

"Kwanu mumalowa chonchi?" adafunsa mayi wina m'mahedifonimo, osakweza mawu.

Doreen adabwerera chafutambuyo mpaka kunja kwa njerwazo, n'kuvula mahedifoni aja.

"Odi," adatero.

Adadikira monga ankadikirira mkulu uja. Palibe adamuuza kuti alowe. Tsache lija lidangoyambiranso kusesa.