Purosesa ya Faizal Yatopa

Kompyuta inazimanso a Blasius ali chiimire pakhomo la shopu ya Faizal. Fani inalira ngati chigayo, sikirini n'kuchita buluu, kenako zii. Faizal anagwira bokosi la kompyutayo n'kuchotsa dzanja msanga. Linkatentha ngati malata a mu Okutobala.

"Ndi magetsi chabe, bambo," anatero Faizal.

A Blasius anayang'ana babu lomwe linkayaka bwinobwino kudenga.

"Achibale akusonkhana Loweruka ku Mposa, tikuika chiliza," anatero motsitsa mawu. "Ndinawalonjeza kuti adzawaona mayi awo akuvina pa kanema. Musandichititse manyazi, mwanawe."

Faizal ankajambula makanema a maukwati pa Nsanama, ndipo ukwati wa mwana wa a Blasius anajambula ndi iyeyo. Kanemayo asanamalize kumulumikiza, akazi a a Blasius anadwala n'kumwalira. Zithunzi zawo zomaliza ali ndi moyo zinali m'bokosi lotenthalo.

Vutoli analiyamba yekha. Chaka chatha mnyamata wina, Brighton, anatsegula shopu yofanana tsidya lina la msewu, ndi makina atsopano aliwiro, ndipo makasitomala anayamba kuwoloka. Faizal anaona pa intaneti njira yothamangitsira purosesa, ubongo wa kompyuta, kuposa liwiro lomwe anaipangira. Anayesa, zinatheka. Ntchito yatsiku lonse inkatha dzuwa lisanapendeke. Tsopano miyezi ino kompyuta inkangozima ikalemedwa ntchito.

M'mawa mwake anakulunga bokosilo m'chitenje n'kukwera minibasi ya ku Liwonde, kenako ina ya ku Balaka. Analifungatira pamiyendo ngati khanda lodwala. Galimoto ikagunda dzenje, mtima wake unkagunda nawo.

Maness, mayi wokonza makompyuta kuseri kwa msika wa Balaka, anamasula bokosilo, kupemerera fumbi, n'kuliyatsa. Atangoona manambala pa sikirini anatembenuka.

"Achimwene, ndani anakwezera izi?"

"Ndine. Koma pang'ono chabe."

"Pang'ono? Mwakweza liwiro, mwakwezanso mphamvu ya magetsi olowa m'purosesa. Kutentha kwa kwanuko, fani yake yomweyi ya kalekale. Ng'ombe ya ngolo mukamaikwapula tsiku ndi tsiku imathamanga ndithu, koma siikalamba bwino."

"Ndiye ingobwezerani mmene inalili."

"Kubwezera ndibwezera. Koma timizere tam'kati mwa purosesa n'tating'ono kuposa tsitsi. Magetsi ochuluka ndi kutentha zimatidya pang'onopang'ono, ndipo zodyekazo sizimeranso. Zaka zomwe ikanakutumikirani mwadyeratu."

Faizal anakhala pa benchi.

"Nanga kanema wa anthu?"

"Kanema sakhala m'purosesa, ali m'disiki. Koma ikamazima chonchi ili pakati polemba, tsiku lina fayilo idzawonongeka. Tiyeni tikopere kaye."

Anakopera zonse m'kadisiki kam'manja. Faizal sanachotse maso pa mzere wobiriwira womwe unkakwawa pa sikirini. Fani ikasintha kalilidwe, iye ankagwira mpweya. Mzerewo utafika kumapeto, malaya ake anali atanyowa.

Kenako Maness anabwezera purosesa pa liwiro lake lakale, kupaka mafuta atsopano oziziritsa, n'kuiyesa ndi ntchito yolemera. Inazima. Anatsitsanso liwiro kuchepera pomwe inabadwira. Apo inapirira, koma ikuyenda ngati nkhalamba yokwera chitunda.

"Nyimbo mukopera anthu, makalata mulemba," anatero Maness. "Koma kulumikiza kanema wautali, sindikulonjezani. Ikhoza kumaliza, ikhoza kufera panjira. Purosesa ina ya mtundu uwu mpaka ndiitanitse ku Blantyre, ndipo Loweruka lidzakhala litadutsa. Kuthamanga si kufika, achimwene."

Ulendo wonse wobwerera Faizal ankangosinkhasinkha. Akanatha kuyesa mwayi, kuiyatsa n'kumapemphera. Ikanamaliza, palibe akanadziwa kanthu. Koma ikanazima Lachisanu, akanawauza chiyani achibale osonkhana ku Mposa aja? Ankaona a Blasius ataima pamaso pa abale awo, manja ali lende.

Atatsika pa Nsanama anatsekera bokosilo m'shopu mwake. Anaima pakhonde kanthawi, kadisiki kali m'thumba la malaya. Kenako anawoloka msewu.

Brighton anali pakhomo akudya chinangwa chootcha.

"Aaa, lero kugwa mvula! Bwana Liwiro afika kwathu?"

"Seka, aise, nthawi ndi yako," anatero Faizal. Anatulutsa kadisikiko n'kukaika pa tebulo. "Muli ukwati wa mwana wa a Blasius. Ukufunika Loweruka lisanafike. Makina anga sangathe."

Brighton anasiya kutafuna. Kumaliro a akazi a a Blasius nayenso anapita.

"Dzina la shopu tilembe la ndani kumapeto?"

"Lemba lako."

Brighton anapukuta manja pa buluku, n'kukoka mpando wina kuuika pafupi ndi wake.

"Khala apa. Anajambula ndiwe, undiuze poti ndidule."