Mabokosi Anadikira Mbusa

Bambo anali ndi pempho limodzi lokha pa tsiku lawo lobadwa. Keke anakana, jekete anakananso. Ankangofuna kumva ana awo anayi akuimba limodzi, monga ankachitira kale pabalaza mayi awo ali moyo.

Koma anawo anabalalika. Achisamba ankaphunzitsa kutali, wachiwiri anali namwino wa mashifiti, wachitatu ankayendetsa thiraki. Pakhomo panatsala mzime, mtsikana wa sopulano, ndipo ntchito yowasonkhanitsa pa intaneti inagwera iyeyo.

Anapeza mapulogalamu awiri opanganira nthawi. Ina, mwini msonkhano amaonetsa maola amene ali omasuka, aliyense n'kudzitengera ake. Inayo imaika maola angapo m'timabokosi, onse n'kuchonga amene angathe, ola lochongedwa ndi ambiri n'kupambana.

Anayamba ndi yoyambayo chifukwa inkaoneka yaudongo. Anatsegula tsiku lonse la Bambo, poti munthu wopuma ntchito nthawi sim'sowa. Abale ake anasankhadi, koma aliyense anazemba ola la mnzake kuti asasokoneze macheza. Wina m'mawa, wina masana, wina madzulo. Bambo ataona anaseka, nati besi payokha si nyimbo, ndi kubuula.

Mzime anasamukira ku yamabokosi, natumizira atatuwo. Anadikira, anapemphera, anadikiranso. Mabokosi anangoti mbee.

Ataimbira foni dalaivala uja, iye anati sangachonge achimwene asanachonge, analeredwa bwino. Namwino anayankha chimodzimodzi. Achisamba nawo anati akudikira namwino, popeza odwala sadziwa kalendala, komanso wamkulu ayenera kukhala wotumikira. Ulemu unali utatsekereza njira ngati thiraki yofera pamlatho. Tsiku linali litayandikira, ndipo mzime anakhala pampando wa kukhitchini misozi ili m'maso.

Bambo anamupeza pomwepo, navala magalasi, nayang'anitsitsa foniyo.

"Nanga ine bokosi langa lili kuti?"

"Ababa, inu nthawi iliyonse muli nayo. Sindinakulembeni."

"Ndiye walakwitsa pamenepo, mwana wanga. Unaona kuti nkhosa zikusankha msipu mbusa ali m'nyumba?"

Mzime anawawonjezera. Bambo anachonga ola limodzi lokha, lamasana. Ketulo isanawire, foni inalira katatu. Onse anachonga pomwepo. Namwino anasinthana shifiti ndi mnzake, Achisamba anapempha chilolezo kusukulu, ndipo dalaivala analemba kuti ngakhale katundu achedwe, Mulungu adziwa.

Tsikulo mzime anatsamiritsa foni ku botolo la shuga patebulo. Nkhope zinatulukira m'timawindo: Achisamba atamanga tayi, namwino ali pakhonde la chipatala, dalaivala ali pachiwongolero ataima pambali pa msewu, chipewa atavula ngati ali m'tchalitchi. Anayamba n'kunyozana. Namwino anafunsa ngati mimba ya dalaivala ilinso m'gulu la katundu, iye nati besi yabwino imafuna nkhokwe.

Kenako Bambo anakweza dzanja, napereka liwu.

Nyimbo yake inali ija mayi ankaikonda pochapa. Netiweki inkachedwetsa mawu, mwakuti tena inkathamanga, aluto ikutsatira, besi ikubwera pambuyo ngati yanyamula simenti. Palibe analeka. Bambo anatsinzina, milomo ikuyenda, misozi ikutsikira kukolala.

Ameni anafika kanayi, aliyense pa nthawi yake.

"Musakonze," anatero Bambo akupukuta magalasi. "Ambuye amva zonse, ndipo ine ndalandira ameni anayi pa tsiku limodzi. Tiyeni vesi yachiwiri."